Mfuti ya malemu bambo si chuma cha masiye

Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Makhanga, m'boma la Nsanje. Akuti apongozi ake aamuna atamwalira, mwamuna wake pokonza m'nyumba ya malemuwo anapeza mfuti kudenga, itakulungidwa m'chiguduli. Bamboyu wakanitsitsa kuitaya. Akuti ndi chikumbutso cha bambo ake, komanso imuthandiza kuopseza akuba ng'ombe. Madzulo amaitulutsa, kuipukuta ndi mafuta a makina osokera, n'kuibwezera pansi pa bedi. M'nyumbamo muli ana awiri, wamkulu ali Sitandade 2. Mayiyu akufunsa kuti: "Amayi, ndikaulula sindithetsa banja?"

Ana anga, nkhaniyi si ya banja limodzi lokhali ayi. Tiyeni tiyambe ndi komwe mfuti zoterezi zinachokera.

Malinga ndi momwe mayiyu waifotokozera, ya thumba la zipolopolo lokhota ngati nthochi, imeneyi ndi AK-47. Anaipanga ndi Mikhail Kalashnikov wa ku Soviet Union m'chaka cha 1947, ndipo anaipangira asilikali, osati alimi. Ku Mozambique inatchuka kwambiri moti mpaka ili pa mbendera ya dzikolo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, yomwe inayamba mu 1977, inathamangitsira kuno ku Malawi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Nsanje inalandira ambiri zedi. Inu a ku Makhanga mukudziwa kuti Mozambique ndi tsidya la Ruo pomwepa. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992, anthu anabwerera kwawo, koma si mfuti zonse zinabwerera. Zina zinasinthanitsidwa ndi chakudya, zina zinakwiriridwa m'minda, zina ndi izi zikutuluka kudenga lero.

Tsono mfuti imeneyi ili ndi khalidwe limodzi loopsa: siifa msanga. Ngakhale ichite dzimbiri, ngakhale imizidwe m'matope a madzi osefukira ngati a 2015 kapena a namondwe Freddy mu 2023, ikhoza kulirabe. Komanso ukachotsa thumba la zipolopolo lija, chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira m'kati. Ngozi zambiri zimayambira pamenepo.

Ndili pantchito ya unamwino ndinalandirapo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, atabwera naye pa ngolo usiku. Mchimwene wake ankasewera "zausilikali" ndi mfuti imene bambo awo ankati ilibe kanthu. Tinayesetsa, mwana anachira, koma mwendo tinaudula. Chimene sindiiwala si magazi ayi, koma bambo uja atakhala pansi pakhonde la wodi, akungobwereza mawu amodzi: "Ndimayesa sadziwa pomwe ndimabisa." Makolo, palibe malo m'nyumba amene mwana sawadziwa. Shuga mumabisa uja amamupeza bwanji?

Palinso china. Banja lililonse limakangana, ndipo kwathu kuno kachasu sasowa. Mkangano umene ukanathera kwa ankhoswe m'mawa, m'nyumba ya mfuti umathera kumanda usiku womwewo. Tsoka silinunkha.

Za malamulo nazo n'zosabisa. Lamulo la mfuti la m'dziko muno la 1967 limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo nkhani ya ziphasozi ili m'manja mwa apolisi. Chiphaso sichikhala cholowa ngati munda kapena njinga. Mfuti yankhondo yopezeka kudenga, yopanda pepala lililonse, ikapezeka ndi inu ndi mlandu wa kundende. Ndipo simudziwa kuti isanafike kwa bambo anu inachita zotani, m'manja mwa yani.

Ndiye muchite chiyani? Choyamba, lekani kuigwiragwira, kuipukuta kapena kuiyesa. Chachiwiri, ana asalowe m'chipindacho, chitsekedwe ndi loko lero lomwe. Chachitatu, musainyamule nokha pa njinga kupita nayo kupolisi, mungakumane ndi zina panjira. Pitani kwa anyakwawa kapena kwa abusa anu, mufotokoze momwe munaipezera, ndipo mupitire limodzi kukauza apolisi kuti adzaitenge okha. Za akuba ng'ombe, limbikitsani gulu la chitetezo cha m'mudzi ndi khola lolimba pafupi ndi nyumba.

Kwa inu bambo, ndikumvetsa kuti mukulira bambo anu. Koma taonani zimene anachita eni nkhondowo. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zina mwa mfutizo amisiri anazidula n'kupanga mpando umene unakafika ku British Museum ku London. Ngati amene anaimva kuwawa nkhondoyo anasankha khasu, ife tikukakamiranji? Sungani chipewa cha bambo anu, khasu lawo, dzina lawo pa mdzukulu.

Ndipo iwe mwana wanga wandilembera, kulankhula si kuthetsa banja. Yamba ndi mwamuna wako pa nthawi imene sanamwe, mofatsa, muli awiri. Akakana, itana ankhoswe a mbali zonse ziwiri sabata isanathe. Kufikira mfutiyo itatuluka, ana akagone kwa agogo awo.

Tikumanenso Lamulungu likudzali.