Mawanga a Kambuku ndi Diso la Wojambula

Munthu wokwera mapiri a Dedza akalowa m'nkhalango ya Chongoni, kumene kuli mapanga ndi matanthwe 127 ojambulidwa ndi manja a anthu akale, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, sachedwa kuzindikira kuti mtima wofuna kusunga maonekedwe a nyama pamalo osafafanizika sudabwere ndi alendo ai. Akafula adasiya zolemba zawo zofiira, ndipo Achewa, pobwera pambuyo, adajambula ndi dothi loyera zinyama za chinamwali ndi zilombo za gule, monga tizionera kufikira lero ku Chencherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi.

Koma makolo amenewo ankajambula ali pakati pa nyamazo, akumva mkango ukubangula kudambo ndi kambuku akutsokomola m'matanthwe usiku. Ife zidzukulu zawo, amene tadzaza mapiriwa ndi minda ya chimanga, kachewere ndi mitengo ya paini, tatsala ndi mbiri chabe. Mwana wa ku Bembeke kapena ku Linthipe amaudziwa mkango pa kalendala ndi pa foni, ndipo kambuku amamudziwa ndi chikopa chimene mafumu a Angoni amavala pa tsiku la ngoma. Popeza tsono chithunzi ndicho chatsala chotikumanitsa ndi zilombozi, nkoyenera kuti tiphunzire kuchiyang'ana mofatsa, osangoti n'chokongola ndi kutembenuza tsamba.

Tiyambe ndi mawanga. Mneneri Yeremiya, pofuna kutchula chinthu chosatheka kusinthika, adasankha mawanga a kambuku, ndipo ofufuza a masiku ano amachitira umboni kuti kambuku aliyense ali ndi mawanga akeake, amene sasanduka kufikira imfa yake. Kuwonjeza apo, a m'nthiti za kumanja safanana ndi a kumanzere. N'chifukwa chake otchera makamera m'tchire amakonda kuika awiri openyana, ina tsidya lino la mkwaso, ina tsidya lina, kuti chilombo chikamadutsa usiku, kutentha kwa thupi lake ndi kuyenda kwake kudzutse makinawo, nachijambula mbali zonse ziwiri. Mkango umazindikirika ndi timadontho ta pamene pamera ndevu zake, ndiponso ndi zipsera ndi kung'ambika kwa makutu. Kakwiyo, amene ambiri amamusokoneza ndi kambuku, ali ndi madontho akuda bii opanda bwalo pakati, thupi lowonda, ndi mizere iwiri yakuda yotsika kuchokera m'maso kufikira kukamwa. Wodziwa zimenezi akaona chithunzi amaona nyama imodzi yokhala ndi moyo wake, zaka zake ndi mabala ake.

Ntchito yotere idachitika kunkhalango ya Kasungu pakati pa 2016 ndi 2018, pamene Robert Davis ndi anzake adatchera makamera nawerenga akambuku mmodzimmodzi. Adapeza kuti pa dera la makilomita khumi m'litali ndi khumi m'lifupi pamakhala akambuku akuluakulu osakwana awiri. Zithunzi zambiri za makamera otere n'zotuwa, zina zoduka mutu kapena mchira, zosayenera kupachika pakhoma, komabe ine ndimazilemekeza koposa zonyezimira za m'mahotela, pakuti zimanena zoona za kuchepa kwa nyamazi.

Luso limeneli si la dzulo. George Shiras wa ku America ankamanga zingwe m'nkhalango kuti nyama ikazikhudza idzijambule yokha, ndipo magazini ya National Geographic idasindikiza zithunzi zake m'chaka cha 1906. Chimene sichidasinthe kuchokera nthawi imeneyo ndicho chipiriro, pakuti akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sergey Gorshkov wa ku Russia, amene adapambana mpikisano waukulu wa Wildlife Photographer of the Year wa ku London m'chaka cha 2020, adadikira miyezi khumi ndi umodzi kuti makamera ake agwire kambuku wamkazi wamizeremizere wa ku Siberia atafungatira tsinde la mtengo, akupakapo fungo lake monga chizindikiro cha malire. Kuti achite zimenezo adayenera kudziwa mapazi, mikwaso ndi mitengo yokandidwa, nzeru yomwe alenje athu akale adali nayo, kungoti iye adabwerako ndi chithunzi, nyama naisiya yamoyo.

Pali zithunzi zina zachinyengo, ndipo woyang'ana azichenjera nazo. Wopambana mpikisano womwe uja m'chaka cha 2009 adalandidwa mphotho yake oweruza atakhutira kuti mmbulu wa pachithunzi chake udali woweta. Ku South Africa kuli mikango zikwi zingapo yoswanitsidwa m'makola, imene ana ake amaperekedwa kwa alendo kuti awanyamule ndi kujambulitsa nawo. Mukaona munthu atakumbatira mwana wa mkango akumwetulira, dzifunseni kumene kuli make. Koma mukaona kakwiyo kapena mkango uli ndi lamba m'khosi, musanyansidwe poyesa kuti lambayo waipitsa chithunzi. Muli kachipangizo kothandiza alonda a nkhalango kudziwa kumene nyamayo ili, ndipo wojambula wosaubisa lambayo ndiye woona mtima.

Malamba amenewo akutikumbutsa kuti zilombo zambiri zimene zikujambulidwa m'Malawi lero n'zochita kubwezedwa. Pamene bungwe la African Parks lidayamba kusamala Majete m'chaka cha 2003, nkhalangoyo idali itatheratu mikango. Akambuku adabwera nawo kuchokera ku South Africa kuyambira 2011, mikango mu 2012. Ku Liwonde, atazula misampha ya waya zikwizikwi, adabweretsa akakwiyo mu 2017, patapita zaka ngati makumi awiri asakuoneka m'dziko muno, ndipo mikango idatsata mu 2018. Pa dziko lonse akakwiyo a m'tchire adawerengedwa ngati 7,100 m'chaka cha 2016, ndipo mikango ya mu Africa idatsika kufika pakati pa 20,000 ndi 25,000. Motero chithunzi cha kakwiyo wamkazi ali ndi ana ake pachulu m'chigwa cha Shire ndi nkhani yaikulu, imene mlendo wa ku Ulaya angaione ngati wamba, koma Mmalawi ayenera kuima nayo kanthawi.

Ndisabise kuti pali zimene kamera siionetsa. Siionetsa khola la mbuzi lothyoledwa usiku, kapena mayi wamasiye amene mbuziyo idali fizi ya mwana wake. Ndipo amene amasilira kambuku ali m'nyumba ya njerwa mumzinda asafulumire kuweruza mlimi wogona m'mphepete mwa nkhalango. Wojambula wanzeru amatembenuzako diso lake kumpanda wamagetsi, kwa mlonda woyenda pansi masiku ambiri, ndi kumwendo wa nyama wodulidwa ndi waya, chifukwa zonsezi ndi mbali ya moyo wa chilombocho m'nthawi yathu ino.

Kuno ku Dedza tili ndi sukulu yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire ku Chongoni konko, ndipo kutsetse kwa phiri kuli nkhalango ya Dedza-Salima, kumene njovu zikuyendabe. Ndikadakonda kuti zithunzi za m'nkhalango zathu, zabwino ndi zotuwa zomwe, zizisindikizidwa pa pepala, zitalembedwa dzina la malo ndi tsiku lojambulira m'Chichewa, ndi kuperekedwa kumasukulu ndi kumabwalo a mafumu. Pakuti m'midzi ya kwa Kachere, kwa Kasumbu ndi kwa Kaphuka mukadali nkhalamba zodziwa kusiyanitsa phazi la kambuku ndi la fisi, ndipo ana athu akadapindula kumva nkhalambazo zikufotokoza chithunzi chili m'manja.