MKONO WA CITSULO M'MITSEMPHA YA UBONGO

Madzulo ano tikambe za nthenda ija imene igwetsa munthu mwadzidzidzi, kamwa nipotoka, mkono ndi mwendo nizifa mbali imodzi. Ambiri amati walodzedwa. Madokotala aicha sitiroko, ndipo gwero lace ndi mtsempha wa magazi wa mu ubongo umene watsekeka kapena kuphulika.

Nanga dokotala auona bwanji mtsempha wobisika m'cigaza? Njira yace anaipeza Egas Moniz wa ku Lisbon m'caka ca 1927. Iye anathira mankhwala m'mtsempha wa m'khosi, ndipo pojambula ndi X-ray mitsempha inaoneka ngati nthambi za mtengo m'cilimwe. Masiku ano alowetsa kapaipi kowonda m'mtsempha wa pamwamba pa nchafu kapena wa pa dzanja, nakakankha pang'onopang'ono kufikira m'khosi, mankhwala nadzera m'menemo.

Nchitoyi ili ndi bvuto lace. Dokotala aimirira pafupi ndi X-ray tsiku ndi tsiku atabvala malaya olemera a mtobvu, pakuti ceza cace cikacuruka cipweteka maso ndi thupi. Cifukwa ca ici anapanga loboti. Musayese kuti ndi munthu wacitsulo woyenda yekha, iai. Ndi mkono womangidwa pa kama wa wodwala, wogwira kapaipi kaja. Dokotala akhala kuseri kwa chinga, maso ali pa cithunzi, nasuntha timitengo ndi zala. Mkonowo ukankha kapena kupotoza kapaipi, ngakhale milimita imodzi yokha, osanjenjemera. Nzeru ndi za dokotala, makina angomvera.

Mu November 2019, ku Toronto, Dr. Vitor Mendes Pereira anakonza mtsempha wotupa wa mu ubongo ndi mkono wotere. Koma mu December 2018 Dr. Tejas Patel wa ku Ahmedabad anali atacita kale cozizwitsa cina: anatsegula mitsempha ya mtima ya odwala 5, iye ali pa mtunda wa makilomita 32.

Apa ndi pamene nkhaniyi itikhudza. Wodwala wocokera ku St. Luke's ku Mpanshya ali ndi ulendo wa maora pa Great East Road asanafike ku University Teaching Hospital ku Lusaka, pamene ubongo wosowa magazi uli kufa mphindi iriyonse. Ciyembekezo ndi cakuti tsiku lina dokotala adzakhala ku Lusaka, mkono wace wacitsulo uli ku cipatala ca kwathu. Komatu pafunika makina a X-ray okwera mtengo, magetsi osathima, intaneti yosaduka, ndi munthu wophunzira wolowetsa kapaipi ndi manja ace.

Tsono podikira tsikulo, citani izi: pimitsani kuthamanga kwa magazi ku kiliniki, cepetsani mcere, ndipo mukaona kamwa yapotoka kapena mau asokonekera, thamangirani naye ku cipatala nthawi yomweyo. Musati tione mawa.

Tsalani bwino.