Kuthamanga Sikufika: Tsiku Loyamba pa Bwalo la Kyalami

Kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, m'dziko la South Africa, kuli mseu wa tala umene supita kumudzi uliwonse. Umayamba pamalo amodzi, nukhota kumanzere ndi kumanja, nukwera citunda, nutsika, nubwereranso pomwe unayambira. Utali wake ndi makilomita 4.5, ndipo uli ndi makona 16. Ili ndilo bwalo la mpikisano wa magalimoto la Kyalami, limene linatsegulidwa m'caka ca 1961. Dzinali ndi la Cizulu, ndipo litanthauza kuti "kwathu".

Akatswiri a mpikisano wa Formula One anathamangitsa magalimoto ao pabwaloli kuyambira 1967 kufikira 1985, ndiponso mu 1992 ndi 1993, pamene Alain Prost wa ku France anapambana mpikisano wotsiriza. Koma pamakhala masiku ena amene zipata zimatsegulidwa kwa anthu wamba. Mphunzitsi, kalaliki kapena makanika amalipira ndalama, nalowa ndi galimoto yomwe amapitira nayo kunchito. Patsikulo palibe mpikisano ndipo palibe mphotho. Aliyense amangofuna kudziwa cimene galimoto yake ndi manja ake zingathe kucita pamalo opanda ana asukulu, njinga, ng'ombe kapena malole obwera kutsogolo.

Munthu wobwera koyamba kawirikawiri amafika atataya kale ndalama zambiri pa injini. Kale amakanika ankasintha kabureta kuti petulo azilowa wambiri. Masiku ano injini imalamulidwa ndi kakompyuta, ndipo katswiri amasintha malangizo a m'kakompyutako kuti mafuta ndi mpweya zizilowa moculuka. Ena amaika paipi yaikulu ya utsi, galimoto nimabangula ngati mkango. Mwini wake akamva kubangulako mtima umakhala m'malo, naganiza kuti nchito yatha. Sadziwa kuti mphamvu iliyonse yoonjezedwa mu injini imabwera ndi kutentha kwake, ndiponso kuti liwiro limene wagula lidzafunika kuimitsidwa.

M'mamawa, galimoto isanaponde tala wa pabwalo, oyang'anira amaiyendera. Samfunsa mwini wake za mphamvu ya injini. Amaona matayala ngati sanathe, mabuleki ngati agwira, pansi ngati sipadontha mafuta, batire ngati yamangidwa zolimba, lamba wa pampando ndi cisoti colimba cobvala kumutu. Zonse zosamangidwa amazitulutsa: jeki, zitsulo, ngakhale botolo la madzi, pakuti botolo likagubuduzika ndi kulowa kunsi kwa copondera ca buleki, phazi lidzaponda pacabe. Kenaka woyendetsa amasaina pepala lobvomera kuti cimene cingamgwere ndi mlandu wake. Apa ambiri amameza malobvu, cifukwa inshuwalansi wamba ya pamseu kawirikawiri silipira galimoto yoonongeka pabwalo la liwiro. Akaigunditsa kucipupa, Lolemba adzapita kunchito wapansi, ngongole ya galimoto ikali pamutu pake.

Asanalowe, onse amasonkhana kuti aphunzire mau a mbendera, popeza pabwalo munthu samva kufuula kwa mnzake. Yacikasu itanthauza kuti kutsogolo kuli ngozi, cepetsa liwiro, usapitirire mnzako. Yofiira iimitsa onse. Yabuluu iuza munthu kuti kumbuyo kuli wina waliwiro kuposa iye. Yakuda imuitana kuti atuluke. Yamizere yofiira ndi yacikasu icenjeza kuti pansi paterera, ndipo yamawanga akuda ndi oyera ndiyo ya mapeto. Lamulo lina nlakuti galimoto ikafa, munthu sayenda pansi kudutsa mseu. Bwalo la Kyalami lili ndi cifukwa cokumbukira lamulo limeneli. M'caka ca 1977 mnyamata wa zaka 19 wothandiza pabwalo anathamanga kudutsa mseu atanyamula cozimira moto. Galimoto ya katswiri Tom Pryce wa ku Wales inatulukira pa liwiro la makilomita pafupifupi 270 pa ola, nimgunda. Cozimira moto cija cinamenya Pryce kumutu, ndipo onse awiri anafera pomwepo.

Oyamba kumene amaikidwa m'gulu laolao, nalowa kwa mphindi 15 kapena 20 nthawi imodzi, mlangizi atakhala pampando wa pambali. Cinthu coyamba cimene mlangizi amakonza si phazi, koma maso. Wosazolowera amayang'ana pafupi ndi mphuno ya galimoto. Koma pa liwiro la makilomita 160 pa ola galimoto imadya mamita 44 pa sekondi imodzi, kotero cimene munthu waona pafupi ndiye kuti wacipitirira kale. Mlangizi amamuuza kuponya maso kutali, kumene afuna kupita, pakuti manja amatsata maso. Woyang'ana cipupa amapita kucipupa. Amamuuzanso kuponda buleki galimoto ikali yoongoka, kulowa pakona modekha, ndi kuonjeza moto pang'onopang'ono potuluka. Galimoto yonse imagwira pansi ndi malo anai cabe, ndipo pa tayala lililonse malowo ndi aakulu ngati cikhatho ca munthu. Tayala likauzidwa kuima ndi kukhota mwamphamvu nthawi imodzi, limakana zonse ziwiri, niliterereka.

Pozungulira koyamba mantha amamsunga munthu. Bvuto limadza pamene mantha ayamba kutha. Pambali yaitali yoongoka ya bwaloli injini yokonzedwa ija imaonetsa mphamvu zake, ndipo woyendetsa amamwetulira m'cisoti. Kumapeto kwa mbaliyo kuli pakona pochedwa Crowthorne, pamene liwiro lonselo liyenera kuphedwa. Kawiri kapena katatu mabuleki amagwira bwino. Tsono nthawi ina phazi limaponda, copondera nicifewa ngati nsima ya dzulo yothiridwa madzi, nicitsika pansi, galimoto osamvera. Wamwai amatulukira pamalo opulumukira amene anasiyidwa dala kunja kwa kona, naima thukuta lili kamukamu. Wopanda mwai amaima ndi cipupa.

Cimene cacitika si matsenga. Buleki imaimitsa galimoto mwa kusandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanai. Kutentha kumeneku kumacoka pa mbale yacitsulo ya m'gudumu, nikulowa m'mapadi, nikufika m'mafuta a mabuleki. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 4 sawira kufikira atapitirira madigiri 230. Koma mafutawa amamwa cinyezi ca mumpweya, ndipo akakhalitsa angathe kuwira pa madigiri 155 cabe. Akawira mumabadwa nthunzi, ndipo nthunzi imapanikizika pamene mafuta sapanikizika; phazi limangofinya nthunziyo, mphamvu osafika kumagudumu. Ncifukwa cake opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa pa zaka ziwiri zilizonse. Botolo lake mtengo wake ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama zimene zinapita ku injini, koma ndilo linaiwalika.

Amene anatsikapo mapiri a Manenekera pa mseu wa Great East ali m'basi kapena m'lole amalidziwa fungo la mabuleki opsa. Bvuto lake ndi lomweli. Dalaivala wodziwa amalowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini imthandize kugwira katundu ndipo mabuleki apume.

Pabwalo napo mabuleki amafuna kupuma. Mbendera ya mapeto ikaoneka, woyendetsa amazungulira kamodzi pang'onopang'ono kuti mphepo iziziritse zitsulo. Akaima samakoka handibuleki, cifukwa mapadi otentha angamatirire pa mbale ndi kuiononga; amasiya galimoto m'giya pamalo osatsetsereka. Amayesa mpweya wa m'matayala akali otentha, popeza mpweya ukatentha umafutukuka, tayala nilimagwira pansi ndi pakati pokha. Amaonanso madzi ndi oilo wa mu injini, makamaka ngati injiniyo inaonjezedwa mphamvu.

Masana, mafuta a mabuleki atasinthidwa ndipo mtima utatsika, pamaoneka cinthu codabwitsa. Kagalimoto kakang'ono kakale, ka injini yosakhudzidwa, kamamupeza pamakona nikamupitirira, mbendera yabuluu itamuuza kupatuka. Woyendetsa kagalimotoko sacita phokoso ndipo matayala ake salira. Amadziwa poyambira buleki, pokhotera ndi potulukira, ndipo amacita cimodzimodzi nthawi iliyonse. Wacilendo akayamba kumtsanzira, naleka kulimbana ndi ciongolero, amapeza kuti akuzungulira msanga kuposa m'mawa, ngakhale kuti mumtima akumva ngati wacepetsa liwiro. Pofika pamwamba pa citunda ca Leeukop ndi potsetsereka pa Mineshaft, maso ake amakhala ali kale kutsogolo, manja ali phee.

Pofika madzulo mndandanda wa zogula umakhala utatembenuka. Poyamba pali mafuta a mabuleki ndi mapadi opirira kutentha. Paciwiri pali matayala abwino, oongoledwa bwino ndiponso a mpweya woyenera. Pacitatu pali ndalama ya mlangizi ndi ya tsiku lina pabwalo. Injini imadza pamapeto, pamene munthu watha kugwiritsa nchito mphamvu yonse imene ali nayo kale, ndipo oyamba ambiri amatenga nthawi yaitali asanafike pamenepo.

Dzuwa likapendeka zipata zimatsekedwa. Woyendetsa amabvula cisoti, nabweza jeki ndi tayala lapadera m'buti, nalowa mseu waukulu wopita kwao, umene lamulo lake ndi makilomita 120 pa ola. Tsopano akudziwa ndi phazi lake lomwe kutalika kwa mtunda umene galimoto imafuna kuti iime, ndipo amasiya mpata waukulu pakati pa iye ndi lole ya patsogolo. Mawa galimoto yomweyo idzanyamula ana kupita nao kusukulu.