Maphunziro a Luso Lozimitsa Moto mu Mzinda wa Blantyre: Amene Angalembetse ndi Njira Zoyenera Kutsata

Unduna wa Maboma Ang'ono ukufuna kufotokozera alimi, ochita malonda ndi anthu onse okhala ku Naperi, m'katikati mwa mzinda wa Blantyre, ku Limbe ndi m'madera ena ozungulira za maphunziro a luso lozimitsa moto. Anthu ambiri amaganiza kuti maphunziro amenewa ndi a okhawo amene amayenda pa galimoto yofiira ya khonsolo, pomwe mwini golosale, mlonda, mphunzitsi, wapampando wa komiti ya msika ngakhalenso mlimi wosunga chimanga m'nyumba angathe kuphunzira gawo la lusoli ndi kupulumutsa nalo moyo ndi katundu.

Chifukwa chake maphunzirowa ndi ofunika

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Blantyre muli anthu oposa 800,000. Ambiri mwa iwo amakhala m'madera othithikana monga Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Mbayani, kumene nyumba zina zimafikika podzera m'tinjira toti galimoto yaikulu singadutse. M'misika nawonso, mabenchi ndi mashopu amatabwa amagundana, ndipo muli katundu woyaka msanga monga kaunjika, makatoni, mapepala apulasitiki ndi mafuta ophikira. Pamalo otere moto umakula m'mphindi zochepa, galimoto yozimitsira moto isanafike. Choncho amene amatha kuugonjetsa udakali waung'ono ndi munthu amene ali pomwepo, ngati akudziwa chochita.

Moto susankha nyumba. Mu Okutobala 2013 unawononga nyumba ya Escom House pakati pa mzinda wa Blantyre, imene inali likulu la bungwe logulitsa magetsi. Ngati nyumba yosanjikiza ngati imeneyo inapsa, shopu ya matabwa ndi malata ku Limbe ili pachiopsezo chachikulu zedi. Wamalonda amene katundu wake wapsa amataya mpamba wonse usiku umodzi, koma ngongole imene anatenga ku banki mkhonde imatsala ikumudikira.

Kwa alimi, nyengo yoopsa ndi kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, pamene udzu wauma ndipo mphepo ikuwomba. Moto woyatsa posaka mbewa kapena potentha mapesi umalowerera m'nkhokwe, m'makola ndi m'nkhalango za m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo phiri likapsa chaka ndi chaka, nthaka imatsala pamtunda mvula ikamabwera.

Zimene malamulo amanena

Lamulo la Maboma Ang'ono la 1998 limapereka kwa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa ndi kuyendetsa ntchito zozimitsa ndi kupewa moto. N'chifukwa chake nthambi yozimitsa moto ya mu mzinda uno ili pansi pa Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre, imene likulu lake lili ku Civic Centre ku Chichiri. Mabwalo a ndege, monga la Chileka, ali ndi ozimitsa moto awoawo amene amaphunzira luso lapadera lothana ndi ngozi za ndege.

Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pamalo a ntchito limalamula olemba ntchito kukhala ndi zipangizo zozimitsira moto komanso njira zothawira ngozi ikagwa. Koma chipangizo chopachikidwa pakhoma chilibe phindu ngati palibe wodziwa kuchigwiritsa ntchito. Lamulo la Nkhalango la 1997 nalonso limaletsa kuyatsa moto mwachisawawa m'nkhalango zotetezedwa.

Mitundu iwiri ya maphunziro

Mtundu woyamba ndi wa anthu ofuna kuti kuzimitsa moto kukhale ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Amenewa kawirikawiri amayamba alembedwa ntchito ndi khonsolo, bwalo la ndege kapena kampani yaikulu, kenako n'kulowa maphunziro otalika komanso ofuna mphamvu.

Mtundu wachiwiri ndi maphunziro afupiafupi a anthu amene ali ndi ntchito zawo kale: ogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, m'mahotela, m'malo ogulitsira mafuta a galimoto, m'sukulu zogonera konko, m'zipatala, m'mipingo ndi m'misika. Cholinga chake n'chakuti pamalo aliwonse pakhale anthu angapo odziwa kuona zinthu zimene zingayambitse moto, kuzimitsa moto waung'ono, kutulutsa anzawo mwadongosolo ndi kuitana thandizo msanga.

Zimene wophunzira amaphunzira

Phunziro loyamba ndi kudziwa moto weniweniwo. Kuti uyake pamafunika zinthu zitatu: choyaka, kutentha ndi mpweya wa okosijeni, umene ndi magawo pafupifupi 21 mwa magawo 100 a mpweya umene anthu amapuma. Chimodzi mwa zitatuzi chikachotsedwa, moto umafa. Madzi amachotsa kutentha, mchenga kapena bulangete lonyowa limatsekereza mpweya, ndipo kulambula udzu mozungulira nkhokwe kumachotsa choyaka.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti moto uli m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi chozimitsira chake. Gulu A ndi la zinthu zouma monga matabwa, nsalu, mapepala ndi udzu, ndipo madzi amagwira bwino ntchito. Gulu B ndi la zamadzimadzi monga petulo, dizilo, palafini ndi penti. Zimenezi zimayandama pamadzi, kotero kuzithira madzi kumangomwaza motowo. Pamafunika thovu, ufa wozimitsira moto kapena mchenga. Gulu C ndi la gasi, ndipo choyamba n'kutseka kumene gasiyo akutulukira. Gulu F ndi la mafuta ophikira, limene ophika tchipisi ndi mandasi ayenera kulidziwa bwino. Madzi akagwera m'mafuta owira amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, n'kufufuma pafupifupi ka 1,700, ndipo amaponya mafuta oyakawo m'mwamba ndi kumaso kwa wothirayo. Chofunika ndi kuvundikira chiwaya kapena poto ndi kuchotsa moto wapansi. Pa moto woyamba ndi magetsi, munthu amayamba wazimitsa swichi yaikulu, ndipo sathira madzi magetsi asanathimitsidwe.

Chachitatu, wophunzira amagwira yekha botolo lozimitsira moto. Amaphunzira kuzindikira mtundu wake powerenga zolembedwa ndi kuona chizindikiro: pa mabotolo ambiri, chakuda chimasonyeza mpweya wa kaboni dayokosaidi, chabuluu chimasonyeza ufa, ndipo chotuwira ngati mkaka chimasonyeza thovu. Kenako amayeserera pa moto weniweni woyatsidwa pabwalo: kusolola kachitsulo kotsekera, kuloza patsinde pa moto osati pa malawi, kufinya chogwirira, ndi kuyendetsa kukamwa kwa payipi uku ndi uku. Botolo lodzaza limatha m'masekondi ochepa, nthawi zambiri osafika mphindi imodzi. Amene akuligwira koyamba tsiku la ngozi amalimaliza akupopera m'malere, n'chifukwa chake kuyeserera ndi manja sikungalowedwe m'malo ndi kuwerenga kapena kuonera kanema pa foni.

Chachinayi ndi kuthawa ndi kupulumutsa ena. Pa ngozi za moto m'nyumba, utsi ndi umene umapha anthu ambiri kuposa malawi. Popeza utsi wotentha umakwera m'mwamba, munthu amayenera kutuluka chokwawa, kutseka chitseko pambuyo pake, ndi kukaima pamalo amene onse anagwirizana kukumana kuti awerengedwe. Wophunzira amauzidwanso nthawi yosiyira kulimbana ndi moto: ukafika kudenga, kapena utsi ukayamba kutseka khomo, chotsala ndi kutuluka basi. Kubwerera m'nyumba yoyaka kukatenga ndalama kapena katundu kwaphetsa anthu amene anali atapulumuka kale.

Chachisanu ndi chithandizo choyamba. Bala lamoto limathiridwa madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, mphete ndi zibangili zimavulidwa malowo asanatupe, ndipo balalo limaphimbidwa ndi nsalu yoyera. Kupaka mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta kapena dothi kumalowetsa tizilombo m'bala. Wopsa kwambiri athamangitsidwe kuchipatala. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chili ndi chigawo chapadera cha anthu opsa.

Ofuna kukhala ozimitsa moto enieni amapitirira pamenepa. Amaphunzira kutambasula ndi kulumikiza mapayipi mwachangu, kuyendetsa pampu, kutunga madzi pa mipope ya m'misewu kapena mumtsinje, kukwera makwerero atanyamula munthu, kumanga mfundo za zingwe, ndi kulowa m'chipinda chodzaza utsi atavala botolo la mpweya kumsana, limene limatha pakapita pafupifupi theka la ola. Amaphunziranso kutulutsa anthu opanikizika m'galimoto zochita ngozi ndi m'nyumba zogwa. Namondwe wa Freddy, amene mu Marichi 2023 anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, anasonyeza kuti luso lopulumutsa anthu limafunika ngakhale pamene palibe moto.

Njira yolembetsera

Wofuna ntchito yozimitsa moto adikire kuti mipata ilengezedwe poyera m'nyuzipepala, pa mabolodi a zidziwitso a khonsolo kapena pa masamba ovomerezeka a pa intaneti. Chidziwitso chilichonse chimatchula zofunikira zake, ndipo chimenecho ndiye choyenera kutsatidwa. Kawirikawiri pamafunika kalata yofunsira ntchito, chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE ndi umboni wa kuchipatala wakuti munthuyo ali ndi thanzi labwino. Ofunsira ayembekezere kuyesedwa mphamvu, monga kuthamanga, kunyamula zolemera ndi kukwera pamwamba, choncho ndi nzeru kuyamba kulimbitsa thupi nthawi idakalipo. Laisensi yoyendetsera galimoto zikuluzikulu, luso la umakaniko, la zamagetsi kapena satifiketi ya chithandizo choyamba, monga imene amapereka a Malawi Red Cross Society, zimamuika munthu pabwino. Amayi ndi atsikana akulimbikitsidwa kufunsira, popeza ntchitoyi imafuna kulimba mtima, mwambo ndi kugwirizana, zimene sizidalira kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi.

Pa maphunziro afupiafupi, njira yabwino ndi kupempha ngati gulu. Komiti ya msika, kalabu ya alimi, kampani, sukulu, mpingo kapena anthu a m'dera limodzi, mwachitsanzo a ku Naperi pamodzi ndi oyandikana nawo a ku Chitawira ndi ku Nkolokosa, asankhe anthu odalirika amene amapezeka pamalopo nthawi zambiri, osaiwala alonda a usiku. Kenako alembe kalata kwa Mkulu wa Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre, yotchula dzina la gulu, kumene lili, chiwerengero cha ofuna kuphunzira, mtundu wa katundu amene amasunga ndi zipangizo zozimitsira moto zimene ali nazo kale. Khansala wa wodi ndi atsogoleri a m'dera angathandize kufikitsa pempholi. Ngati pali malipiro, aperekedwe ku ofesi yolandirira ndalama ya khonsolo ndipo wolipira atenge lisiti. Alimi a m'maboma oyandikana nawo monga Chiradzulu ndi Thyolo ayambire ku khonsolo ya boma lawo, kudzera mwa mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango.

Palinso makampani apadera amene amaphunzitsa luso limeneli. Asanalipire, ofuna kuphunzira afunse ngati sukuluyo inalembetsedwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Afunsenso ngati aliyense adzapatsidwa mpata wozimitsa moto weniweni ndi manja ake, komanso ngati pali zovala zodzitetezera.

Chenjezo pa akathyali

Ntchito za boma ndi za makhonsolo sizigulitsidwa. Aliyense woimba foni kapena kulemba uthenga pa WhatsApp ndi pa Facebook, n'kumapempha ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti asungire munthu malo, ndi wakuba. Wolandira uthenga wotere asatumize kalikonse, koma akanene kupolisi kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Maphunziro akatha

Luso losagwiritsidwa ntchito limaiwalika, choncho gulu lililonse liziyeserera kuthawa moto kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo mabotolo ozimitsira moto aziunikidwa ndi odziwa chaka chilichonse. Ophunzirawo akhale oyamba kuletsa kulumikiza magetsi mwachinyengo, kusunga petulo m'zigubu m'nyumba, kusiya mbaula kapena kandulo ikuyaka popanda munthu, ndi kutseka tinjira ta mumsika ndi katundu. Nambala za foni za ozimitsa moto, apolisi ndi chipatala zitengedwe ku khonsolo ndi kulembedwa pamalo oonekera.

Unduna ukupempha anthu onse kupereka njira galimoto yozimitsira moto ikamalira pamsewu, kusamanga kapena kuika benchi pamwamba pa mipope ya madzi ozimitsira moto, ndi kulemekeza ozimitsa moto akafika pamalo a ngozi. Ofuna kudziwa zambiri apite ku maofesi a Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre ku Chichiri pa masiku ndi maola a ntchito.