Makina Oona m'Mimba ndi Mau

Amene anafuulapo m'mapiri a ku Chididi, m'boma la Nsanje, adziwa kuti mau amagunda thanthwe nabwerera. Makina a sikani, amene amayi apakati amapimidwa nawo ku chipatala, amagwira ntchito motero.

M'kachipangizo kamene adokotala amayendetsa pamimba muli timiyala tapadera. Magetsi akatikhudza timanjenjemera, mwina ka 3,500,000 pa sekondi imodzi, ndi kutulutsa mau osamveka, pakuti khutu la munthu limalekezera pa 20,000. Mauwo amayenda m'thupi mamita 1,540 pa sekondi. Akagunda chiwalo amabwerera nafinya timiyala tija, ndipo timabala magetsi. Khalidwe limeneli analitulukira Pierre ndi Jacques Curie mu 1880. Tsono makina amawerengera nthawi imene mau atenga, nadziwa kuya kwa chiwalocho. Fupa limaoneka loyera, madzi akuda. Mafuta ozizira aja amapakidwa pochotsa mpweya pakhungu, popeza mpweya umatchinga mau.

Ndamva ena ku sikelo akunong'onezana kuti sikani imaotcha mwana. Iyayi, si ekiselo imeneyi. Dr Ian Donald wa ku Glasgow anafalitsa njirayi mu 1958, ndipo mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi ajambulidwe mimba isanakwane masabata 24. Pamenepo mapasa amadziwika msanga, ndi msinkhu wa mimba womwe.

Abambo osodza mu Shire, makina omwewa amaonetsanso chikhodzodzo chimene likodzo laononga. Mukaona magazi m'mkodzo, fikani ku chipatala cha Chikwawa kapena cha Nsanje osazengereza.