Ophunzira Athu Akufufuza za Asilikali a M'thupi

Mwezi ndi mwezi amayi a ku Misuku amatsika ndi kukwera zitunda, ana ali kumsana, kupita ku sikelo. Mlangizi wa zaumoyo akatsegula kabokosi kozizira ndi kutulutsa timabotolo ta katemera, ena amadzifunsa chamumtima kuti: kodi mankhwala amenewa anawayesa ndani, ndipo kodi anawayesa pa anthu a kuno kwathu? Funsoli ndi loyenera. Yankho lake ndi lakuti gawo lina la ntchito imeneyi linachitika m'dziko lathu lino, ndipo ena mwa anthu amene amaigwira ndi ana a Amalawi amene akuphunzira za chitetezo cha m'thupi.

Chitetezo cha m'thupi nchiyani?

M'magazi a munthu aliyense muli timaselo toyera timene timatchedwa asilikali a m'thupi. Kachilombo kakalowa, asilikali ena amakameza, ena amapanga zida zoti zikagwire. Chodabwitsa nchakuti asilikaliwa amakumbukira mdani amene anakumana naye kale. Katemera ndiye mphunzitsi wawo: amawaonetsa kachilombo kofooketsedwa, kakufa, kapena kachidutswa kake chabe, kuti tsiku limene kachilombo kenikeni kadzabwere adzakhale okonzeka. Phunziro limodzi nthawi zambiri silikwanira. Nchifukwa chake mwana amabayidwa ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, ndipo katemera wa chikuku amalandira pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15.

Kumene amaphunzirira

Sukulu yophunzitsa madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre. Mu 2021 inaphatikizana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing ndi kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Pafupi ndi sukuluyi, pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, pali bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome limene linayamba mu 1995. M'nyumba zake zoyezera ndimo mmene anyamata ndi atsikana ambiri aphunzirira ntchito imeneyi.

Wophunzira akalandira magazi ochepa m'kabotolo, amawazunguza m'makina kufikira timaselo toyera titapatukana ndi tofiira. Kenaka amatisakaniza ndi kachidutswa ka kachilombo, natisunga pamalo ofunda ngati thupi la munthu. M'mawa mwake amawerenga ndi makina ena kuti aone kuti ndi asilikali angati amene adzuka kumenya nkhondo. Ntchitoyi imafuna manja aukhondo, kudekha ndi kulemba zoona zokhazokha. Zotsatira zake amazifotokoza pamaso pa aphunzitsi ake, amene amamufunsa mafunso ovuta asanazivomereze.

Zimene apeza

Dr. Kondwani Jambo ndi mmodzi wa Amalawi amene anaphunzirira m'nyumba zimenezi mpaka kutenga digiri yapamwamba ku Liverpool. Iye pamodzi ndi Professor Henry Mwandumba ndi anzawo ena anafufuza asilikali amene amakhala m'mapapo. Mu 2014 anafalitsa zimene anapeza, zoti kachilombo ka HIV kamalowa mwa ena mwa asilikali a m'mapapowa ndi kuwafooketsa. Izi zimathandiza kumvetsa chifukwa chake munthu amene ali ndi HIV sachedwa kudwala chibayo ndi chifuwa chachikulu, ndiponso chifukwa chake chifuwa chosatha sichiyenera kusungidwa kunyumba.

Mu 2020 ndi 2021, pa nthawi ya mliri wa COVID-19, achinyamata ogwira ntchito ndi Dr. Jambo anayeza magazi a anthu opereka magazi a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Anapeza kuti pofika pakati pa 2021, oposa theka la anthuwo anali atakumana kale ndi kachilomboka, ambiri osadziwa.

Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi. Zinaoneka kuti katemerayu anateteza pafupifupi ana 8 mwa ana 10 alionse amene akanadwala. Mu May 2023 Boma linamupereka kwa ana m'maboma onse, ndipo analowa pa mndandanda wa akatemera a pa miyezi 9. Motero mwana wa ku Misuku akulandira chinthu chimene chinayesedwa pa ana anzake a m'Malawi muno.

Phunziro lochokera ku Karonga

Ntchito yotere sinayambire ku Blantyre kokha. Ku Chilumba, m'boma la Karonga limene lachita malire ndi Chitipa, kafukufuku wa matenda a khate anayamba mu 1979. Kuyambira 1986 mpaka 1989 anthu oposa 120,000 a m'bomalo analowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG, uja amasiya kachipsera pa mkono. Zotsatira zinasonyeza kuti BCG amateteza ku khate, koma sanateteze akuluakulu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo.

Pofuna kudziwa chifukwa chake, akatswiri ndi Amalawi amene anaphunzitsidwa ntchito yoyeza ku Chilumba anayerekeza magazi a achinyamata a ku Karonga ndi a ku England. Mu 2002 anafalitsa kuti asilikali a achinyamata a ku England anasintha kwambiri atalandira BCG, pamene a ku Karonga anasintha pang'ono, popeza anali atakumana kale ndi tizilombo tofanana nato timene timapezeka m'dothi ndi m'madzi. Apa dziko lonse linaphunzira kuti katemera amene wagwira bwino ntchito kutali ayenera kuyesedwanso kuno. Koma makolo asasokonezeke: BCG amateteza khanda ku mitundu yoopsa ya chifuwa chachikulu, monga yogwira ubongo, ndipo mwana ayenera kumulandira akangobadwa.

Za magazi ndi mphekesera

Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma ena a kummwera, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Mantha otere akalowa m'mudzi, amayi amaleka kupita ku sikelo ndipo amene amavutika ndi ana. Dziwani kuti kafukufuku aliyense amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku. Palibe amene angatengedwe magazi a kafukufuku asanafotokozeredwe m'chinenero chimene amamva ndi kuvomera yekha. Magazi otengedwawo ndi ochepa, ndipo thupi limawabwezeretsa. Munthu ali ndi ufulu wokana, ndipo wokanayo salandidwa chithandizo cha kuchipatala. Ngati pali chimene mukukayika, funsani mlangizi wa zaumoyo kapena namwino, osati kumsika.

Mbali yathu

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ophunzira amene tawatchulawa anayambira ku sukulu za pulayimale monga zimene zili ku Misuku. Mwana wokonda masamu ndi sayansi, kaya ndi mtsikana kaya ndi mnyamata, alimbikitsidwe, ndipo ndalama za khofi ndi nthochi zisaiwale sukulu yake. Dziko likusowa oyeza ndi madokotala olankhula Chisukwa, Chindali ndi Chilambya, amene angafotokozere anthu a kwawo nkhani zimenezi momveka.

Pakali pano, makolo nonse, tsegulani kabuku ka sikelo ka mwana wanu lero. Onani ngati akatemera onse alembedwa. Ngati wina anaphonyedwa chifukwa cha mvula kapena ntchito yothyola khofi, pitani naye pa tsiku la sikelo likubwerali. Sadzayambiranso pachiyambi, adzapitiriza pamene analekezera.