Masewero Othandiza Okalamba Kuyenda Osagwa

Ndi mwambo wabwino kuti agogo akafuna kanthu, mdzukulu amathamanga kukawatengera. Komabe ulemu umenewu ukachititsa kuti wokalamba azikhala pamphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, miyendo imafooka, ndipo tsiku lina kamwala ka panjira yopita kuchimbudzi kamamugwetsa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo gulu limene limafa kwambiri ndi la opitirira zaka 60. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno amagona miyezi, ena sayendanso. Munda umagonera, ndipo adzukulu amene amawalera amasowa mtengo wogwira.

Kuti munthu aime osadzandira, zinthu zitatu zimathandizana: maso, kachiwalo ka mkati mwa khutu kamene kamazindikira kuti mutu wapendekeka, ndi mitsempha ya m'mapazi imene imauza ubongo mmene pansi palili. Munthu akapunthwa, ubongo umalamula phazi kuti liponde patsogolo msanga. Muukalamba minofu imachepa ndipo uthengawu umachedwa, choncho phazi limafika thupi litagwa kale. Chosangalatsa n'chakuti changu cha phazi chimabwerera munthu akamaliphunzitsa.

Akatswiri a payunivesite ya Otago ku New Zealand adakonza masewero ochitira pakhomo amene adachepetsa kugwa kwa okalamba ndi pafupifupi 35 peresenti. Nalo bungwe la WHO limalangiza kuti a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewero otere masiku atatu kapena kuposerapo pasabata. Masewerowa safuna ndalama.

Oyamba ndi kukhala pampando wolimba wotsamiritsidwa kukhoma, kuimirira ndi kukhalanso, kakhumi. Poyambirira manja angathandize, koma cholinga n'chakuti miyendo izinyamula thupi yokha.

Achiwiri ndi kuyenda m'mbali mwa khoma, chidendene cha phazi lakutsogolo chikukhudza zala za phazi lakumbuyo, dzanja lili pakhomapo. Akafika kumapeto, wokalambayo abwerere akuyenda cham'mbali.

Achitatu ndiwo ophunzitsa changu. Pabwalo losesedwa ajambulepo ndi phulusa makwerero ogona pansi, okhala ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. Wokalamba aponde m'chipinda chilichonse osakhudza mzere, kenako aziloweza mapazi onse awiri m'chipinda chimodzi asanapite m'china. Liwiro liwonjezeke pokhapokha akazolowera.

Achinayi ndi kuika ndowa ziwiri motalikirana mamita awiri ndi kuyenda mozizungulira ngati akulemba nambala 8, popeza ambiri amagwa potembenuka. Magule monga chimtali ndi mganda, akavinidwa modekha, amaphunzitsanso mapazi kusintha mayendedwe.

Banja lingathe kuyesa wokalamba wawo motere: aimirire pampando, ayende mamita atatu, atembenuke, abwerere n'kukhalanso. Ngati zamutengera masekondi 12 kapena kuposerapo, ali pachiopsezo cha kugwa, ndipo ndi bwino kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo.

Pochita masewerowa pakhale munthu wamphamvu pafupi, pansi pakhale pouma, ndipo wokalamba asavale patapata. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, aleke pomwepo n'kupita kuchipatala. Odwala shuga, mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa achipatala, chifukwa mankhwala ena amachititsa chizungulire munthu akaimirira mwadzidzidzi.

Munthu payekha amagwa mphwayi msanga. Mafumu, mipingo, mizikiti ndi makomiti a chitukuko a m'midzi angathandize popereka bwalo ndi kupatula masiku oti okalamba a m'wodi azikumana kudzachitira limodzi masewerowa. Kunyumba nako, mdzukulu woyenda pambali pa agogo ake popita kumjigo amawathandiza kuposa wowauza kuti angokhala.